Mankhwala othamangitsa udzudzu: zimene zikudziwika za thanzi la munthu pakapita zaka

Mvula ikagwa kwa masabata angapo, madzi n'kuyamba kudikha m'zithaphwi ndi m'maenje okumbamo dothi la njerwa, udzudzu umachuluka, ndipo malonda a makoyilo, zitini zopopera m'nyumba ndi mafuta odzola othamangitsa udzudzu amayenda kwambiri. Nyengo yomweyo ndi imene kumamvekanso nkhawa. Ena amati mankhwala odzola amalowa m'magazi n'kukawononga ubongo wa mwana, ena amati utsi wa koyilo susiyana ndi fodya, pamene ena amayankha kuti zonsezo n'zongoopseza anthu popeza mankhwalawa anayezedwa kalekale. Mbali iliyonse ili ndi pogwira, koma kawirikawiri anthuwa amakhala akukamba za zinthu zosiyana. Chodzola pakhungu, chonyika m'nsalu ndi chopumidwa ngati utsi sizilowa m'thupi mofanana, ndiponso sizinafufuzidwe mofanana.

Kuthamangitsa ndi kupha

Udzudzu waukazi, umene umaluma chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime, umam'peza munthu potsata mpweya umene amatulutsa popuma, kutentha kwa thupi lake, ndi fungo la khungu ndi thukuta. Mankhwala odzola monga DEET, picaridin ndi IR3535 amasokoneza kusaka kumeneku udzudzu ukafika pafupi, koma saupha. Gulu lina ndi la mankhwala amene amafooketsa kapena kupha tizilombo pogwira mitsempha yake, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'banja la pyrethroid. Amenewa ndi amene ali m'makoyilo, m'maneti, m'timapepala totenthetsa pamagetsi, ndi m'zitini zopopera zimene ambiri amangozitchula kuti Doom ngakhale zikhale za kampani ina. Akakhala ochepa mumpweya amathamangitsa, akachuluka amapha.

Chifukwa chake n'kovuta kuyeza zaka zambiri

Akatswiri a za poizoni amasiyanitsa kuvulala kwa nthawi yomweyo ndi kuvulala kobwera pang'onopang'ono. Moto ukagwira denga la udzu, mudzi wonse umadziwa usiku womwewo chimene chawononga nyumba. Chiswe chimadya mitengo ya denga kwa zaka, ndipo tsiku limene dengalo lagwa anthu akhoza kutsutsana ngati yagwetsa ndi mphepo, kukalamba kwa mitengo kapena chiswecho. Mwana amene wamwa mafuta othamangitsa udzudzu n'kukomoka ali m'gulu loyamba, ndipo chifukwa chake chimaonekeratu. Munthu amene wadwala mapapo ali ndi zaka 60, atapuma utsi wa koyilo, wa nkhuni ndi wa magalimoto moyo wake wonse, ali m'gulu lachiwiri.

Pali njira zitatu zimene ofufuza amadalira. Yoyamba ndi kupatsa makoswe ndi mbewa mankhwalawo tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi ziwiri, pa milingo yoposa kwambiri imene munthu angakumane nayo, kenako n'kufufuza ziwalo zawo. Akapeza mlingo waukulu umene sunaonetse vuto, kawirikawiri amaugawa ndi 100 kuti apeze malire a munthu: 10 chifukwa munthu si khoswe, 10 wina chifukwa anthu amasiyana mphamvu. Njira yachiwiri ndi kusonkhanitsa malipoti a anthu amene afika kuchipatala atakhudzana ndi mankhwalawo, ndipo imeneyi imagwira bwino zadzidzidzi koma siona zobwera mochedwa. Yachitatu ndi kutsatira gulu lalikulu la anthu kwa zaka zambiri n'kuyerekeza amene anakhudzana kwambiri ndi mankhwala ndi amene anakhudzana nawo pang'ono. Njirayi ndi imene ikanayankha funso lathu mwachindunji, koma ndi yodula, yochedwa, ndipo ikapeza kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, sizitanthauza kuti chimodzi ndi chimene chikuyambitsa chinzake.

DEET

Palibe mankhwala othamangitsa tizilombo amene afufuzidwa kwambiri kuposa DEET. Anapangidwa ndi akatswiri a unduna wa zaulimi wa dziko la America m'zaka za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene malungo ankagwetsa asilikali ambiri m'nkhalango za ku Pacific. Asilikali anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1946, ndipo mu 1957 analoledwa kugulitsidwa kwa anthu wamba. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero akatswiri sanagwirizane kwenikweni za mmene amagwirira ntchito. Kwa nthawi yaitali ankati amatseka mphuno za udzudzu. Mu 2008 ofufuza a ku University of California ku Davis anaonetsa kuti udzudzu umamva fungo la DEET n'kulithawa, ndipo mu 2019 a ku Rockefeller University anapeza kuti udzudzu wa mtundu wa Aedes aegypti umalawa mankhwalawa ndi miyendo ukangotera pakhungu.

Chimene chimachititsa anthu ambiri mantha n'chooneka ndi maso. DEET amasungunula pulasitiki wina: munthu akagwira magalasi a m'maso, lamba wa wotchi kapena chikuto cha foni ndi manja odzola, pamatsala zidindo za zala zomata, ndipo nsalu zina zopanga zimafewa n'kuwonongeka. N'zomveka kuti munthu afunse kuti nanga khungu likuona zotani. Koma khungu silinapangidwe ndi zinthu zimene zili mu pulasitiki, choncho funso loyenera ndi la kuchuluka kwa mankhwala amene amadutsa khungu n'kulowa m'magazi. Kafukufuku wa mu 1995 amene anachitika pa anthu odzipereka anapeza kuti amalowa ndi osakwana magawo 10 pa 100 aliwonse a zimene zadzoledwa, kuti chiwindi chimawaphwanya, ndipo pafupifupi onse amatuluka ndi mkodzo pasanathe tsiku. Apa ndi pamene DEET amasiyana ndi mankhwala ngati DDT, amene amabisala m'mafuta a m'thupi kwa zaka.

Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, Environmental Protection Agency, linaunikanso DEET mu 1998 ndi mu 2014, ndipo maulendo onse awiri linati silinapeze chiopsezo chodetsa nkhawa ngati malangizo a pabotolo atsatidwa. Mayeso a pa nyama sanaonetse kuti amayambitsa khansa. Komabe m'mabuku a zachipatala muli malipoti a anthu, makamaka ana, amene anakomoka n'kumagwedezeka ngati akhunyu atakhudzana ndi DEET, ndipo ena anamwalira. Ambiri mwa iwo anachita kumwa mankhwalawo kapena anadzoledwa mobwerezabwereza thupi lonse kwa masiku ambiri. Mu 1998 bungwe lija linayerekeza kuti kukomoka kotere kumagwera munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 100 miliyoni ogwiritsa ntchito mankhwalawa. Mavuto amene amapezeka kawirikawiri ndi kuyabwa kwa khungu, zotupa ngati mankhwala atsekeredwa pansi pa chovala kapena m'khwapa la chigongono, ndi kuwawa kwa maso.

Okayikira DEET ali ndi mfundo ziwiri zimene sizongopeka. Mu 2009 gulu la ofufuza a ku France lotsogoleredwa ndi Vincent Corbel linaonetsa kuti DEET amatha kufooketsa acetylcholinesterase, puloteni imene imathandiza mitsempha kupumula ikatha kutumiza uthenga, yomwenso mankhwala ena oopsa a m'munda amaigwira. Ofufuza ena anayankha kuti mphamvu ya DEET pa puloteniyi ndi yochepa kwambiri, ndipo milingo imene inagwiritsidwa ntchito m'mabotolo oyezera singafikidwe m'magazi a munthu wodzola bwinobwino. Mfundo yachiwiri inachokera ku nkhondo ya ku Gulf ya mu 1990 ndi 1991. Asilikali ambiri anabwerako akudandaula kutopa kosatha, kuphwanya kwa thupi ndi kuiwalaiwala, ndipo kunkhondoko ankadzola DEET wamphamvu, kuvala zovala zothiridwa permethrin, mankhwala a m'banja la pyrethroid, ndi kumwa mapiritsi a pyridostigmine bromide owateteza ku mpweya wa poizoni. Mohamed Abou-Donia wa ku Duke University anayesa mankhwala atatuwa pa nkhuku n'kupeza kuti akaphatikizidwa amawononga mitsempha kuposa mmene aliyense amachitira payekha. Milingo yake inali yaikulu kwambiri, ndipo asilikaliwo anakumananso ndi zinthu zina zambiri, kuphatikizapo utsi wa zitsime za mafuta zoyaka, kotero kuti mlandu sunagwere DEET yekha. Koma funso la kuphatikiza mankhwala linatsala lili chilili.

Amayi oyembekezera ndi ana

Umboni wolimba kwambiri wokhudza amayi oyembekezera unachokera kumalire a Thailand ndi Myanmar, kudera kumene malungo anali ofala. Kafukufuku amene Rose McGready ndi anzake anafalitsa mu 2001 anatsatira amayi 897 a mimba zoposa miyezi itatu. Theka la iwo linkadzola tsiku lililonse DEET wa 20 peresenti wosakaniza ndi thanaka, phala la khungwa la mtengo limene amayi a kumeneko amadzola kumaso, pamene theka lina linkadzola thanaka yekha. DEET anapezeka m'magazi a mchombo mwa ana 4 pa ana 50 amene anayezedwa, kusonyeza kuti mankhwalawa amatha kufika kwa mwana wosabadwa. Koma ana a magulu awiriwa sanasiyane pa kulemera pobadwa, pa kukula, kapena pa kakulidwe ka ubongo mpaka atakwanitsa chaka. Kafukufukuyu sanakhudze miyezi itatu yoyambirira ya mimba, nthawi imene ziwalo za mwana zimaumbika, ndipo za nthawi imeneyo akatswiri amadalira kwambiri mayeso a pa nyama, amene sanaonetse kulumala.

Pa ana, malangizo amasiyana dziko ndi dziko, zimene zimasokoneza makolo. Madokotala a ana a ku America akhala akulangiza kuti DEET asapitirire 30 peresenti ndiponso kuti asadzoledwe khanda losakwana miyezi iwiri. Dziko la Canada kuyambira mu 2002 linakhwimitsa malamulo: akuluakulu asapitirire 30 peresenti, ana osakwana zaka 12 asapitirire 10 peresenti, ndipo khanda losakwana miyezi 6 lisadzoledwe n'komwe. Ku Britain, munthu amene akukonzekera ulendo wobwera kudzaona abale ku Malawi kapena ku Zambia amalangizidwa kugula DEET wa 50 peresenti, ngakhale kwa mayi woyembekezera ndi mwana woposa miyezi iwiri. Mayiko atatuwa akuwerenga umboni womwewo. Chimene chikusiyana ndi matenda amene akuwaopa, popeza udzudzu wa m'chilimwe ku Canada suli ndi malungo. Tiyeneranso kudziwa kuti nambala ya peresenti imanena za kutalika kwa nthawi imene mankhwala ateteze, osati ukali wake pa udzudzu, ndipo kupitirira 50 peresenti sikuwonjezera kwenikweni nthawiyo.

Pali gulu lina limene nkhaniyi imalikhudza mwapadera, la anthu amene amadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, monga anthu achialubino. Mayeso aonetsa kuti mafuta a dzuwa ndi DEET akakumana, DEET amatha kulowa kwambiri pakhungu, ndiponso mphamvu ya mafuta a dzuwa imatsika. Langizo la akatswiri ndi kuyamba kudzola mafuta a dzuwa, kudikira kuti aume, kenako n'kudzola othamangitsa udzudzu, ndi kupewa botolo limene laphatikiza zonse ziwiri.

Olowa m'malo mwa DEET

Picaridin, amene amatchedwanso icaridin, anapangidwa ndi kampani ya Bayer ku Germany m'zaka za m'ma 1980 ndipo anafika pamsika wa ku America mu 2005. Sanunkha kwambiri, sasungunula pulasitiki, ndipo mayeso sanaonetse chiopsezo chachikulu. IR3535 ndi wa kampani ya Merck ya ku Germany komweko ndipo wagwiritsidwa ntchito ku Ulaya kwa zaka zambiri. Onse awiri mbiri yawo ndi yoyera, koma ndi yaifupi, ndipo sanafufuzidwe pa amayi oyembekezera mmene DEET anafufuzidwira.

Mankhwala ochokera ku zomera nawonso ali ndi malire ake. Mafuta a mtundu wina wa bulugamu wonunkhira ngati ndimu, amene ali ndi mankhwala otchedwa PMD, amateteza kwa maola angapo, komabe bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, limaletsa kuwadzoza mwana wosakwana zaka zitatu. Mafuta a citronella, ochokera ku udzu wonunkhira, amauluka msanga. Pa kafukufuku wa Mark Fradin ndi John Day wa mu 2002, odzipereka ankalowetsa mkono m'bokosi la udzudzu, ndipo DEET wa 23.8 peresenti anateteza pafupifupi maola asanu, pamene mafuta a citronella sanafike mphindi 20. Mpungabwi umene anthu amayala pakhomo kapena kufukiza madzulo uli ndi mafuta onunkhira amene udzudzu umadana nawo, koma ukafukizidwa umatulutsa utsi ngati chomera china chilichonse.

Banja la pyrethroid

Mankhwala a pyrethroid anatengera chitsanzo ku duwa la pyrethrum, limene limalimidwa m'mapiri a ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda. Mankhwala a m'duwalo amawonongeka msanga padzuwa, choncho akatswiri anapanga ofanana nawo okhalitsa, ndipo permethrin anatulukira ku Rothamsted ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mankhwalawa amapha tizilombo msanga, koma munthu ali ndi thupi lalikulu, khungu lake limawayamwa pang'ono, ndipo chiwindi chake chimawaphwanya mofulumira. N'chifukwa chake analoledwa kunyikidwa m'maneti amene ana amagonamo usiku uliwonse. Kuyabwa kumaso kumene ena amamva akagona m'neti yatsopano kumachokera ku mankhwalawa ndipo kumatha kokha, n'chifukwa chake azaumoyo amati neti iyambe yayanikidwa pamthunzi kwa tsiku limodzi. Amphaka ndi nsomba zilibe chitetezo chimene munthu ali nacho, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene kuwedza ndi neti za udzudzu kumadetsera nkhawa m'nyanja ya Malawi.

Nkhawa ya zaka zambiri inakula pamene magazini ya JAMA Internal Medicine inafalitsa kafukufuku wa Wei Bao ndi anzake kumayambiriro kwa 2020. Anatsatira akuluakulu 2,116 a ku America amene anayezedwa mkodzo pakati pa 1999 ndi 2002, ndipo anapeza kuti amene anali ndi zotsalira zambiri za pyrethroid anamwalira ndi matenda a mtima mochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi amene anali ndi zochepa. Zotsatirazi si zonyozeka, koma si zomangira chigamulo. Mkodzo unayezedwa kamodzi kokha pa mankhwala amene amatuluka m'thupi m'masiku ochepa, imfa za mtima zinali zochepa, ndipo zotsalirazo zikhoza kuchokera ku zakudya zopoperedwa kumunda, osati ku neti kapena chitini chopopera.

Utsi wa koyilo

Koyilo inayambira ku Japan. Eiichiro Ueyama ankapanga timitengo tofukiza ta pyrethrum cha m'ma 1890, koma tinkatha msanga, ndipo mkazi wake Yuki ndi amene anapereka nzeru yokulunga mozungulira kuti iyake usiku wonse. Mu koyilo ya masiku ano mankhwala enieni, monga allethrin kapena transfluthrin, ndi kachigawo kochepa kwambiri, kawirikawiri kosafika 1 peresenti. Zotsalazo ndi utuchi, ufa wa zikamba za kokonati, zomatira ndi utoto. Zimenezi sizilirima ngati moto wa nkhuni zouma koma zimanyeka pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 8, ndipo kunyeka kotere ndi kumene kumatulutsa utsi wambiri. Amene anayatsapo koyilo m'chipinda chotseka amadziwa phulusa lozungulira limene limatsala pambale m'mawa, fungo limene limakanirira m'zofunda, ndi kukhosi kokanda.

Mu 2003 Weili Liu, Junfeng Zhang ndi anzawo anayeza utsi wa makoyilo ochokera ku China ndi Malaysia. Anapeza kuti koyilo imodzi imatulutsa tizidutswa ta utsi tating'ono kwambiri, timene timafika mkati mwenimweni mwa mapapo, tolemera mofanana ndi ta ndudu 75 mpaka 137, ndiponso kuti mpweya wa formaldehyde ukhoza kufanana ndi wa ndudu 51. Nambalazi n'zoona koma zimafalitsidwa molakwika. Akuyerekeza kulemera kwa utsi wotuluka, osati umene munthu wapuma. Wosuta amakokera utsi m'mapapo mwachindunji, pamene utsi wa koyilo umamwazika m'chipinda, ndipo kuchuluka kwake kumadalira kukula kwa chipindacho ndi mpweya wolowa. Komabe utsi wa mtundu uwu ndi womwe uja umene umadziwika kale kuti umayambitsa chibayo mwa ana ndi matenda a m'mapapo mwa amayi ophikira nkhuni ndi makala, ndipo umadzutsa mphumu. Pa zonse zimene zakambidwa muno, apa ndi pamene chifukwa chodera nkhawa chili cholimba, ndipo cholakwa chachikulu si mankhwala ophera udzudzu koma utuchi woyakawo. Vuto lake n'lakuti kutsegula zenera kumachepetsa utsi koma kumalowetsa udzudzu.

Njira yatsopano ikuyesa kuchotsa motowo. Ndi kapepala ka pulasitiki kokhala ndi transfluthrin kamene kamapachikidwa pakhoma n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono popanda kuyatsa. Kafukufuku wa ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, anaonetsa kuti timapepalati tinachepetsa malungo pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'nyumba zimene zinali kale ndi maneti, ndipo mu Ogasiti 2025 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti tigwiritsidwe ntchito pamodzi ndi maneti.

Chimene chili mbali ina ya sikelo

Chiopsezo cha mankhwala sichiyezedwa pachokha. World Health Organization inayerekeza kuti mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ambiri mwa iwo ana aang'ono a mu Africa. Kwa mayi woyembekezera wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, kuopsa kwa malungo n'kodziwika ndipo kuli pafupi, pamene kuopsa kwa DEET wodzoledwa moyenera sikunaoneke ngakhale kwafunidwa kwa zaka zoposa 60. Koma si zoonanso kuti chilichonse chothamangitsa udzudzu chimachepetsa malungo. Ku Ratanakiri m'dziko la Cambodia, midzi yambiri inapatsidwa picaridin kwaulere koma malungo sanatsike, makamaka chifukwa anthu ochepa okha ndi amene ankadzola tsiku lililonse. N'chifukwa chake World Health Organization sililangiza mafuta odzola ngati njira yotetezera mudzi wonse, ngakhale kuti amathandiza munthu payekha, monga mlonda, msodzi kapena wokhala pamaliro usiku. Za makoyilo, umboni woti amachepetsa kulumidwa ulipo, koma woti amachepetsa malungo ndi wofooka.

Mafunso amene sanayankhidwe

Umboni wambiri wa DEET unachokera kwa anthu amene amadzola mwa apo ndi apo, paulendo kapena m'miyezi yochepa ya chilimwe. Za munthu amene amadzola usiku uliwonse kwa zaka 30, kumalo otentha kumene thukuta limachititsa kuti azibwereza kudzola, kafukufuku wake ndi wochepa. Miyezi itatu yoyambirira ya mimba sinafufuzidwe mokwanira pa anthu, ndipo zimene Bao anapeza pa pyrethroid ndi matenda a mtima zikufunika kutsimikizidwa kapena kutsutsidwa ndi magulu ena akuluakulu. Timapepala ta transfluthrin tachotsa utsi, koma zikutanthauza kupuma mankhwala ochepa usana ndi usiku kwa zaka, ndipo nthawi yokwanira kuona zotsatira zake sinadutse.

Palinso funso la zimene zili m'paketi. Ku Malawi bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, ndi limene limalembetsa mankhwala ophera tizilombo, koma kafukufuku wa chitetezo amanena za mankhwala odziwika pa mlingo wodziwika, ndipo sanena chilichonse za koyilo yogulidwa imodziimodzi pabenchi popanda paketi kapena yolembedwa chinenero chimene wogula sangawerenge.

Funso lovuta kwambiri ndi lija linatsala ku nkhondo ya ku Gulf. Mabungwe amayeza mankhwala limodzilimodzi, koma mwana wa m'mudzi wa kunyanja akhoza kugona m'neti ya pyrethroid, m'nyumba imene makoma ake anapoperedwa, koyilo ikunyeka pakona, matumba a chimanga chothiridwa Actellic ali m'chipinda chomwecho. Mankhwala a mu Actellic ndi a m'gulu limene limagwira acetylcholinesterase, puloteni imene Corbel anaitchula pa DEET. Chilichonse mwa zinthuzi chinayezedwa pachokha n'kuloledwa, koma ngati milingo yaing'onoyi imangoonjezana kapena imakulitsana mphamvu m'thupi la mwana amene akukula, ofufuza sanafike pogwirizana.